Monita yomwe inafika itasweka: mmene zilili patapita miyezi

Anzanga angapo akhala akundifunsa kuti nkhani ya monita ija inatha bwanji. Ndinadikira dala kuti nyengo yozizira idutse, yotentha nayo ifike, kuti ndizilankhula zomwe ndaona ndi maso. Kwa amene simunaimve: ndimakhala ku Johannesburg, ndipo ndimapeza ya ndiwo pokonza makadi a ukwati ndi chinkhoswe, mapulogalamu a maliro komanso zikwangwani za misonkhano ya tchalitchi. Ndinagula monita ya mainchesi 24, ya IPS (sikirini yomwe mitundu yake siisintha ngakhale ukuyang'ana cham'mbali), kusitolo ina yaikulu ya pa intaneti, ndipo inafika ili ndi mng'alu pakona ya m'munsi chakumanja.

Katoni inkaoneka yabwinobwino, kupatula kona imodzi yomwe inali yopindikira m'kati pang'ono. Monita yeniyeniyo, isanayatsidwe, simukanaipeza chifukwa, poti mng'aluwo unali m'kati mwa galasi ndipo chala chinkangodutsa pamwamba osamva kanthu. Nditailumikiza ku laputopu m'pamene zinaonekera: banga lakuda ngati inki yatayikira papepala, kukula kwake kosaposa ndalama yachitsulo ya R5, ndi mzere umodzi wobiriwira wochokera pamenepo kukafika pamwamba penipeni.

Apa ndi pamene ndikufuna mumvetsetse. A sitolo atalandira zithunzi, choyamba chomwe ananena n'choti ndiisunge monitayo, iwo andibwezere kagawo ka ndalama. Mawuwo anali okoma, chifukwa banga linali laling'ono, ntchito zinali zitandiunjikira, ndipo ndalama yobwerera m'thumba palibe amaida. Ndinakana. Masabata amene ndinkadikira kuti adzaitenge, ndinkaiyatsabe madzulo kuti ndione ngati bangalo likusintha. Linakula. Mzere umodzi uja unapeza anzake, wina wofiirira, wina woyera, ndipo pofika tsiku loti ipite, mbali yonse yomwe pamakhala wotchi ya Windows inali itadetsedwa, osawerengeka.

Chifukwa chake si chovuta. Sikirini ya LCD ngati ya monita imeneyi ndi magalasi awiri opyapyala kwambiri, pakati pake pali timadzi tomwe timatsegula ndi kutseka njira ya kuwala kochokera kumbuyo. Pagalasipo pamadutsa timizere tamagetsi tosaoneka ndi maso, toyendetsa timadontho tachithunzi. Monita ya 1920 ndi 1080 ili ndi timadontho toposa 2 miliyoni, ndipo kamzere kamodzi kakaduka, timadontho tonse tomwe kamatidyetsa timasokonekera limodzi. Galasi likatentha limafutukuka, likazizira limabwerera, ndiye mng'alu umayenda pang'onopang'ono. Palibe amisiri omata zimenezi. Amangosintha sikirini yonse, ndipo pa monita zotsika mtengo ngati izi, ndalama yake imayandikira ya kugula ina. Amene avomera kagawo ka ndalama kaja wagula chinthu chomwe chikufa.

Lamulo la kuno linandithandiza, ndipo ndimadandaula kuti ambiri mwa ife sitilidziwa. Consumer Protection Act ya 2008 imati katundu amakhala m'manja mwa wogulitsa mpaka wogula atamulandira, choncho zowonongekera panjira si mlandu wanu. Gawo 56 limati pasanathe miyezi 6 chilandirireni katundu wosakhala bwino, mutha kumubweza osalipira kanthu, ndipo wosankha ndi inuyo: akonze, asinthe, kapena abweze ndalama. Izi n'zosiyana ndi masiku 7 aja a lamulo la malonda a pa intaneti la 2002, omwe amakulolani kubweza chinthu ngakhale chilibe vuto, koma ya mayendedwe n'kulipira nokha. Mayi amene ndinkalankhula nawo pafoni anali aulemu ndithu, koma anayamba kundifotokozera za masiku 7 zija. Nditatchula gawo 56 ndi kunena kuti ndasankha kusinthiridwa, nkhani inasintha. Zikanavuta, pali Consumer Goods and Services Ombud komwe munthu amakadandaula osalipira, koma sitinafike kumeneko.

Chomwe chinachedwetsa zinthu ndi funso loti anaswa ndani. Mng'alu sunena mwini wake, ndipo waranti ya kampani yopanga siikhudza zophwanyika. Ine zinandiyendera chifukwa ndinajambula tsiku lomwelo: kona yopindika ija pamodzi ndi chipepala cha onyamula katundu, nambala ya kumbuyo kwa monita, ndi sikirini ili choyaka. Kudikira kunali kowawa, sindibisa. Ndinabwerera ku kasikirini ka laputopu, kumakulitsa ndi kuchepetsa chithunzi kuti ndione ngati dzina la malemu lalembedwa molondola.

Nanga yomwe anandipatsa yachiwiriyi? Ndi mtundu womwewo, ndipo ndikukhutira nayo. Mitundu imaoneka chimodzimodzi kaya ndakhala tsonga kaya kasitomala waima pambali panga akuloza, chomwe n'chifukwa chake ndinasankha IPS. Zovala za akwati zomwe ndimaona pasikirini sizisiyana kwenikweni ndi zotuluka kosindikiza, bola nditsitse kuwala kwake, chifukwa imachokera ku fakitale ikuwala mopitirira muyeso. Timadontho takufa palibe mpaka lero.

Zilema ili nazo. Usiku chithunzi chikakhala chakuda, m'makona mumaoneka kuwala kotuwa, makamaka m'munsi chakumanzere. Poyamba mtima unagunda poganiza kuti zayambanso, koma kuwalako sikunakule ngakhale pang'ono miyezi yonseyi, ndipo ndi khalidwe lodziwika la ma IPS otsika mtengo. Mwendo wake ndiye wandikhumudwitsa. Sukwera kapena kutsika, umangoweramira kutsogolo ndi kumbuyo, ndipo munthu akagunda tebulo monita imagwedera. Ndinaiikira kathabwa pansi kuti khosi lisamapweteke. Mabatani anawabisa kumbuyo, moti posintha kuchoka ku chingwe cha HDMI kupita ku cha VGA umachita kupapasa. Pa za magetsi, ndinaigulira pulagi yoteteza ku mphamvu yobwera mwadzidzidzi, ndipo akathima ndimaizula kukhoma mpaka atabwerera n'kukhazikika.

Sitolo ija ndagulakonso zinthu zina, chifukwa pamapeto pake anachita zoyenera, ngakhale anayamba ndi kundiyesa. Koma chagalasi ndimatsegula tsiku lomwe chafika.

Nkhawa yanga yaikulu ili pa ife amene timagulira abale kumudzi. Timaitanitsa monita kapena TV, ikafika sititsegula n'komwe poopa kuwononga katoni, n'kuipereka kwa onyamula katundu kapena kuikweza basi. Idutse Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Mwanza, kenako ikatsegulidwe ku Blantyre kapena ku Mzimba. Ikapezeka yosweka, mudzaloza ndani? Sitolo idzati inafika bwino, a basi adzati anailandira yomata, ndipo kuibweza kuno ndi ndalama zinanso.

Mphwanga atandipempha monita ya kusukulu, ndinaitsegula konkuno, ndinaiyatsa madzulo onse, ndikuonetsa sikirini yoyera yokhayokha, kenako yakuda, yofiira, yobiriwira ndi yabuluu, chifukwa mtundu uliwonse umaulula vuto lake. Ndinaijambula ili choyaka, ndinaibwezera m'zotetezera zake zoyera zija, katoni n'kuikulunga m'bulangete. Kwa onyamulawo ndinapempha kuti iyende choimirira, asaigoneke pansi pa matumba a katundu wina, ndipo ndinalipira kowonjezera kuti ikhale pamalo payokha. Inafika ili bwino, ndipo akuigwiritsa ntchito.