Ndemanga yanga pa masitampa atatu akale a ku Braunschweig

Papita miyezi iwiri chilandirire masitampa atatu amene ndinagula pa intaneti kwa wogulitsa wina wa ku Germany, ndipo ndinadikira dala kuti ndiyambe ndawapenda bwino ndisanalembe maganizo anga. Onse ndi a ku Braunschweig, dziko laling'ono limene linkalamulidwa ndi mfumu yakeyake, Wilhelm, ndipo linkatulutsa masitampa ake kuyambira pa 1 Januwale 1852 mpaka kumapeto kwa 1867, pamene positi yake inalowa mu mgwirizano wa mayiko a kumpoto kwa Germany.

Katunduyu anafika atatetezedwa bwino: sitampa iliyonse m'kathumba kake koonekera mkati, atapanikiza ndi makatoni awiri olimba. Pamenepa ndilibe dandaulo.

Imene inandikopa kwambiri, ndipo siinandikhumudwitse, ndi ya 4/4 Gutegroschen (ndalama ya kumeneko pa nthawiyo) ya mu 1857, yosindikizidwa ndi inki yakuda papepala lofiirira. Ilibe hatchi yodumpha ija imene imapezeka pa masitampa ena ambiri a dzikoli. M'malo mwake ili ndi zigawo zinayi zofanana, chilichonse chili ndi chisoti chachifumu ndi mtengo wake wa mapfennig atatu, kuti wotumiza kalata azidula ndi lumo chigawo chimodzi, ziwiri kapena zitatu molingana ndi mtengo wa kalata yake. Yanga ndi yathunthu. Nditaitembenuza ndi kopanira n'kuiunika pawindo m'mawa, chizindikiro cha lipenga la positi chobisika m'pepala chinaoneka bwinobwino, ndipo ndinakhala ndikuiyang'ana mpaka tiyi anandizizirira.

Yachiwiri, ya 1 Silbergroschen (mtundu winanso wa ndalama za nthawiyo) ya mu 1853, ndi yabwino monga zinalembedwera, chidindo chake n'chopepuka ndipo sichinaphimbe hatchiyo.

Vuto lili pa yachitatu, ya buluu ya 2 Silbergroschen ya mu 1852, imenenso inadya gawo lalikulu la ndalama zanga. Masitampa oyambawa analibe timano ta m'mbali, ankachita kuwadula ndi lumo, choncho mtengo wake masiku ano umadalira kwambiri kukula kwa m'mphepete mwake. Wogulitsayo analemba kuti mbali zonse zinayi n'zokwanira, koma pagalasi lokulitsa zinthu zikuoneka kuti kumanzere chakumunsi lumo linapsopsona mzere wa chithunzi. Chimene chinandipweteka koposa ndi kumbuyo kwake: pali kamalo kakang'ono ngati njere ya mawere pamene pepala linapyapyala, mwachidziwikire wina atamatula mosasamala kapepala komatira mu alubamu. Chithunzi cha kumbuyo sanachiike pamene ankatsatsa, ndipo kunena zoona, inenso ndinalakwa posachipempha.

Nditamulembera, anayankha patapita masiku awiri, mwaulemu, anavomera kulakwa ndipo anandipatsa mwayi wobweza sitampayo kapena kulandira gawo la ndalama zanga. Ndinasankha kuisunga, popeza sindikukayika kuti ndi yeniyeni: kumbuyo kuli kachidindo ka katswiri wa BPP, bungwe la ku Germany la akatswiri otsimikizira masitampa, ndipo pepala lake lilibe lipenga lobisika, monga ziyenera kukhalira pa masitampa a 1852. Komabe munthu wogulitsa zinthu za mtengo wotere sayenera kudikira kuti wogula achite kutulukira yekha chilema.

Ndampatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu. Ndidzagulanso kwa iye, makamaka ndikaona ya 3 Silbergroschen ya mu 1852 imene ndikuisowabe, koma sindidzatumiza ndalama ndisanaone zithunzi za mbali zonse ziwiri, ndiponso ndisanayerekeze mtengo wake ndi wa m'kabuku ka mitengo ya masitampa ka Michel.