Ulendo woyenda pansi wa ku Angel Meadow, Manchester: nyenyezi zinayi pa zisanu

Anzanga okhala ku Manchester ndi madera oyandikira, ngakhalenso inu amene mumangobwera kudzacheza, ulendo uwu ndi woyenera kuulipira. Ndi woyenda pansi, wa maola awiri kapena kuposerapo pang'ono, ndipo wotsogolera amakudutsitsani m'malo momwe munkakhala anthu ogwira ntchito m'mafakitale a thonje m'zaka za m'ma 1800. Malo amasungitsa pa intaneti, ndipo mtengo wake si woboola m'thumba.

Tinayambira ku Shudehill, pomwe kale panali msika waukulu wa Smithfield. Khoma lakumaso la msika wa nsomba likadalipo, ndipo pamwamba pa zipata zake pali zosemasema za asodzi ali pa ntchito yawo. Tili chiimire pamenepo, bambo wotitsogolerayo anafotokoza za usiku wa Loweruka, ndipo kwa ine gawo limeneli palokha linabweza ndalama yanga. Antchito ankalandira malipiro Loweruka madzulo. Pofika kumsika n'kuti anthu opeza bwino atasankha kale zabwinozabwino m'mawa. Kotsala mbatatesi zoyamba kuola, masamba ofota ndi nyama yoti yayamba kumveka fungo. Kugulitsa kunkatha pakati pa usiku chifukwa kukacha ndi Lamulungu, choncho kuyambira 10 koloko ogulitsa ankatsitsa mitengo ya zinthu zoti sizingafike Lolemba. Nthawi imeneyo ndiyo mayi wosauka ankagula ndiwo za banja lake. Amene analibe ngakhale kakobiri ankadikira zogwa pansi ndi zotayidwa. Friedrich Engels, mlembi wa ku Germany amene anabwera ku Manchester mu 1842 kudzagwira ntchito pa fakitale ya thonje yomwe bambo ake anali ndi gawo, analemba za anthu odya makoko a mbatatesi ndi masamba owola posowa china choika kukamwa.

Ife okulira kumudzi timaidziwa njala. Koma kwathu ikavuta munthu amakakunkha m'munda momwe akolola kale, amathyola ndiwo zakutchire, amaphika mango aawisi. Anthu awa analibe munda, analibe thengo. Chilichonse chinali chogula, ndipo ntchito ikaima sabata imodzi, kotsala kunali kudzala. Chomwe chinandipweteka mtima n'chakuti ambiri mwa iwo sanali malova. Ankakhala pa makina maola 12 kapena kuposa, mumzinda womwe nsalu zake zinkagulitsidwa dziko lonse lapansi, msika uli tho ndi chakudya, koma ana n'kumagona ndi njala. Wotsogolerayo analumikiza bwino nkhaniyi ndi malamulo a Corn Laws, omwe kuyambira 1815 mpaka 1846 ankatchinga tirigu wotchipa wochokera kunja, buledi n'kumakhala wodula kuti eni minda ikuluikulu apindule.

Ngakhale chogulacho sichinali chenicheni. Mu ufa ankasakanizamo choko, mu shuga mpunga wosinja, mu tiyi masamba a mitengo ina.

Kuchoka apo tinawoloka msewu kupita ku Angel Meadow. Lero ndi paki yaudzu wobiriwira, anthu akuyendetsa agalu awo, nyumba zazitali zatsopano zitaizungulira. Pansi pa udzuwo pagona anthu osauka pafupifupi 40,000, omwe anaikidwa m'maenje a anthu ambirimbiri mpaka manda anadzaza mu 1816. Bamboyo anatiuza kuti umphawi utafika posauzana, ena ankakumba dothi la pamandapo n'kumagulitsa kwa alimi ngati manyowa, mpaka akuluakulu anayalapo miyala yaphanthiphanthi kuti aleke. Ndipo pomwe panachokera dzina loti St Michael's Flags, poti miyala yotere pa Chingerezi amaitcha flags. Apa ndiwayamikire: sanathamange, sanakokomeze mawu, anatipatsa mpata woima chete. Kenako anatchula zimene Edwin Chadwick, yemwe anafufuza za umoyo wa antchito, anapeza mu lipoti lake la 1842, kuti ku Manchester anthu a m'mabanja a antchito wamba ankamwalira ali ndi zaka 17 tikatengera pakatikati, pomwe anzawo a kumidzi ya ku Rutland ankafika 38. Anafotokozanso moona kuti chiwerengerocho chinkatsika chonchi chifukwa cha makanda ambiri omwe ankafa asanakwanitse zaka zisanu. Ndimakonda munthu amene sakuopseza ndi manambala osawamasulira.

Kumunsi kwa pakiyo, cha kumtsinje wa Irk, kuli nyumba ya njerwa zofiira ya Charter Street Ragged School, komwe ana ausiwa ankalandirako chakudya, zovala ndi nsapato zamatabwa pamodzi ndi maphunziro. Kumtunda kwake kuli likulu la masitolo a Co-op, nyumba yagalasi yomwe anatsegula mu 2013. Sindinkadziwa kuti sitolo zomwe timagulamo mkaka masiku onsewa zinayamba chifukwa cha ufa wachoko womwe uja. Mu 1844 amuna 28 a ku Rochdale, ambiri mwa iwo owomba nsalu, anasonkherana n'kutsegula kasitolo pa Toad Lane, kogulitsa ufa, shuga, batala ndi ufa wa oats zosasakaniza ndi kanthu, pa sikelo yosabera.

Nyenyezi imodzi ndachotsa pa zifukwa izi. Choyamba ndi chaching'ono: bamboyo analibe chokuzira mawu, ndipo m'mbali mwa Rochdale Road phokoso la mabasi linkameza theka la zonena zawo. Amene ali kumbuyo amangoona milomo ikugwedera. Chachiwiri, anataya nthawi yambiri pa magulu a anyamata achiwawa otchedwa scuttlers, omwe ankamenyana ndi malamba ndi mipeni. Ndikumvetsa kuti alendo ena amakonda zoterezi, ndipo ena m'gulu lathu ankasekerera. Ine zinandiwawa kumva kuseka pamtunda pa manda a ana.

Chachikulu n'chakuti ulendo wonse sanatchule komwe thonjelo linkachokera mpaka nditafunsa. Lambiri linkalimidwa ndi akapolo akuda kummwera kwa America. Nkhondo yapachiweniweni itabuka kumeneko mu 1861, thonje linasiya kubwera, mafakitale a ku Lancashire, chigawo chomwe munali Manchester, anatseka kapena kuchepetsa masiku, ndipo mabanja zikwizikwi anayamba kufola pa mizere ya supu waulere. Ali m'kati mwa njala imeneyo, antchito anasonkhana ku Free Trade Hall pa 31 December 1862 n'kulembera Abraham Lincoln, pulezidenti wa America nthawi imeneyo, kalata yomulimbikitsa kuthetsa ukapolo. Nditafunsa, bamboyo anaiyankha bwino nkhaniyi, kusonyeza kuti amaidziwa. Nanga n'kuisiyiranji? Njala ya mwana wa ku Angel Meadow ndi chikwapu cha m'munda wa thonje zinkalemeretsa anthu amodzimodzi, ndipo mlendo aliyense ayenera kumva zimenezi osachita kupempha.

Mukamapita valani nsapato zabwino ndi jekete lamvula, pakuti pobisala palibe, ndipo zimbudzi m'njiramo ndi zosowa. Ana a zaka 12 kupita m'mwamba atengeni, aang'ono angatope. Ulendo ukatha, yendani nokha mpaka ku Lincoln Square mukawerenge mawu olembedwa patsinde pa chipilala cha Lincoln, poti wotsogolera sakufikitsaniko.