Kakamera koonera m'khutu pa foni, kabwino koma kali ndi polekezera

Ndinagula kakamera aka chifukwa cha chizungulire. Ndikangotembenuka pabedi chipinda chonse chimazungulira kwa masekondi angapo kenako zii, ndiye ndimaganiza kuti mwina m'khutumu mwalowa kenakake. Ndi kotalika ngati cholembera, kunsonga kuli timagetsi ndi kasupuni kokokera phula, umalumikiza ndi foni pa wifi basi.

Pa chithunzi sindingadandaule ayi. Umaona tiubweya, phula lachikasu lija litamatirira m'mbali, kenako mkatikati ng'oma ya khutu, kanembanemba kotuwa konyezimira, ndipo ukayang'anitsitsa kafupa ka malleus kamaonekera kuseri kwake ngati kamzere koyera. Ndinatha kanthawi ndithu ndikungodziyang'ana ngati ndikuonera filimu.

Koma kasupuni kaja mmm. Ngalande ya khutu ndi yaifupi, masentimita 2.5 basi, ndiye maso ali pa foni dzanja lili kukhutu sudziwa kuti wafika pati, ine ndinadzikanda ndipo kuwawa kwake misozi inachita kulengeza. Kakamerako kamatenthanso kakakhalitsa koyaka.

Chachikulu ndi chakuti kamera imalekera pa ng'oma pomwepo, pamene zonse zofunika zili kuseri. Kuli timafupa titatu timene timanjenjemera phokoso likagunda ng'oma, komaliza ka stapes ndi kafupa kakang'ono kwambiri m'thupi lonse, mamilimita atatu okha, ndipo kamakankha madzi a m'kachigoba kopindika ngati nkhono momwe muli timaselo totumiza uthenga ku ubongo. Pambali pake pali timachubu titatu tokhota todzaza madzi, ito ndi timene timauza ubongo kuti mutu watembenukira kuti kuti usamadzandire. Vuto langa linali mmenemo. Adokotala a makutu anati ndi matenda a chizungulire otchedwa BPPV, kutanthauza kuti timiyala ta kashiamu tinachoka pamalo pake n'kugwera m'kachubu kamodzi, anandigoneka n'kumanditembenuza mutu pang'onopang'ono, amati Epley, patatha masiku awiri chizungulire chinatheratu. Nditawaonetsa kavidiyo kanga anangoseka n'kuti ng'oma yanu ili bwinobwino, koma kasupuniko musamakalowetse, phula limatuluka lokha.

Ndikapatsa nyenyezi zitatu pa zisanu. Kamera ndikugwiritsabe ntchito pongoyang'ana, kasupuni ndinakazula kali m'dirowa.