Jekete yanga yamvula, patatha miyezi 7 ndikukwera nayo mitengo ku Joni

Ndinaigula mu Okutobala, jakaranda atangoyamba maluwa, ndipo pano Epulo akutha. Dzinja lonse la ku Johannesburg lathera pamsana pake, ndiye ndingathe kunena zimene ndaona ndekha, osati zimene anandiuza wogulitsa.

Ntchito yanga ndi yokwera: kudula nthambi zolendewera pamadenga ndi kugwetsa mitengo youma chidutswachidutswa kuyambira kunsonga. Masiku ambiri timakhala cha ku Parkview, Saxonwold ndi Houghton, kumene kuli zimitengo zakale za oak ndi plane. Chibwerereni kachikumbu kaja koboola mitengo, shot hole borer, kamene kanadziwika m'dziko muno mu 2017, ntchito yogwetsa sikutha, ndipo eni nyumba sadikira kuti kuyere.

Kale ndinkavala zija zachikasu za PVC zopezeka m'mahadiweya. Mvula silowa, izo n'zoona, koma takwerani nazo mamita 10 muone. Mumatsika muli chonyowa ngati mwagwera m'chithaphwi, thukuta lokhalokha, ndipo mukatambasula mkono kuti muponye chingwe mumangomva kwee m'khwapa. Ndiye ndinasunga ndalama n'kugula ya nsalu yophatikiza patatu: kunja nayiloni, pakati kachikopa kopyapyala kotchinga madzi koma kolola nthunzi ya thupi kutuluka, mkati kansalu koteteza kachikopako. Kapangidwe kotere kanatchuka ndi Gore-Tex, yochokera pa zimene Bob Gore anatulukira mu 1969. Yanga si Gore-Tex, ndi yotsikirako mtengo. Pakapepala kake panalembedwa 20,000 mm, kutanthauza kutalika kwa madzi amene angaimikidwe m'chubu pamwamba pa nsaluyo asanayambe kudutsa. Nambala imeneyo ndi imene inandikopa, koma ndi imene sinandithandize kwenikweni.

Miyezi iwiri yoyamba zinali bwino zedi. Madontho ankangogubuduka ngati pa tsamba la koko. Kufika Disembala, mapewa ndi m'chiuno munayamba kuda mvula ikagwa. Tsiku lina la mvumbi tinali pa oak wina ku Saxonwold m'mawa wonse. Nditatsika n'kuvula, sikipa inali yonyowa pamsana ponse ndi pamene pamakhala lamba wa harness, malamba amene timadzimangirira nawo kuchingwe tikamakwera. Ndinayamba kudandaula kuti andibera. Bambo wina wa ku Mangochi amene amatigwirira chingwe pansi, munthu woti wakhala kuno zaka zambiri, anatenga jeketeyo, anasisita paphewa ndi chala chachikulu n'kundionetsa. Chala chili bii.

"Achimwene, iyi sikudontha ayi, yada. Munaichapa liti?"

Ndinali ndisanaichapepo. Ndinkaopa kuti sopo aiwononga.

Nkhani yake ndi iyi. Pamwamba pa nsalu zoterezi amapakapo mankhwala othamangitsa madzi, otchedwa DWR. Oyilo wa tcheni amene chainsaw (makina odulira mitengo) imawaza, utuchi, utomoni wa paini ndi kukhula kwa chingwe zimapha mankhwalawo. Nayiloni yakunja ikamwa madzi, nthunzi imasowa potulukira, thukuta limatsalira mkati, ndipo iwe umati jekete yaboola pamene kachikopa kali bwinobwino. Ndinaichapa m'madzi ofunda pang'ono, osapitirira madigiri 30, ndi sopo wamadzi wopangidwira zovala zotere, Nikwax Tech Wash. Sopo waufa amasiya zotsalira zokoka madzi, ndipo mankhwala ofewetsa zovala ndiye musayandikize n'komwe. Itauma ndinaisita ndi simbi yosatentha kwambiri nditayalapo thaulo, chifukwa kutentha kumadzutsa DWR. Pamsana ndi m'mikono madontho anayambanso kugubuduka. M'mapewa ndi m'chiuno mokha ndinachita kupoperamo mankhwala atsopano, ndipo amenewo sakhalitsa. Pano ndimachapa ikangoyamba kuda.

Chimene ndachikonda kuposa zonse ndi mazipi a m'khwapa. Mvula ya kuno imagwa nthawi yotentha, ndipo palibe nsalu yopuma mokwanira munthu akamadzikoka pachingwe makina ali m'chiuno. Ndikatsegula mazipi awiriwo mphepo imadutsa, mvula osalowa. Jekete yopanda mazipi amenewo sindingaiyang'anenso kawiri.

Zina anazisoka ngati za munthu wokwera phiri, osati mtengo. Matumba am'mbali amabisika ndi lamba, moti foni ndimaika m'thumba la pachifuwa basi. Chipewa chake chimakwana pa helimeti, koma ukatsitsa zotseka m'makutu chimakoka khosi, chimakola m'nthambi, ndipo sumva bwino mnzako akakuwa pansi. Ndinangochikulunga m'kolala. Kumapeto kwa mikono kuli zomata zija za Velcro, zimene zimadzaza utuchi n'kuleka kugwira. Ndiye manja akakhala m'mwamba, madzi amatsetsereka kuchokera m'magolovesi mpaka m'chigongono. Ndimazitsuka ndi mswachi wakale. Kumbuyo kwake n'kotalikirako, ndipo izo anaganiza bwino, chifukwa ukakhala mu harness msana suonekera.

Kulimba ndiye kwapakatikati. Mkono wamanzere unang'ambika ndi minga ya bougainvillea mu Januwale, ndinamatapo chigamba ndipo chikugwirabe. Mu Malichi tepi yotseka msoko inayamba kumatuka kumbuyo kwa khosi, pamene thukuta limachuluka. Makungwa a oak apalapala m'zigongono mpaka nsalu yachita ubweya. Mtundu wake wa olenji sunasuluke, ndipo wa pansi amandiona ngakhale kutada ndi mitambo.

Mnyamata wina watsopano anandifunsa ngati ingamuteteze ku tcheni. Ayi. Chizindikiro cha EN 343, chimene chimaikidwa pa zovala zamvula zogwirira ntchito, chimanena za mvula basi. Zoteteza ku chainsaw zili ndi chawo, EN ISO 11393, ndipo buluku la class 1 limayesedwa ndi tcheni yothamanga mamita 20 pa sekondi. Ngati ndalama ndi zochepa, yambani ndi buluku limenelo.

Chinanso chimene sindinachiganizire pogula n'choti mvula yambiri ya ku Joni imabwera masana, ndi ziphaliwali, nthawi zina matalala, ndipo bingu likangomveka aliyense amatsika. Moti maola ambiri jeketeyi yagwira ntchito pansi, pokoka nthambi ndi pokweza zipika mu bakkie, galimoto ya pikapu. Ikatha, ndidzagula ya 10,000 mm koma ya nayiloni yokhuthala, yolimbitsidwa m'zigongono ndi m'mapewa, ya mazipi a m'khwapa, ndipo ndalama yotsala ndidzagulira sopo wake. Ya PVC ija sindinataye, ndimavala ndikakhala kumbuyo kwa bakkie pobwerera ku Randburg mvula ikukhuthuka.

Pakadali pano iyi ndiikonza tepi ya pakhosi. Mzinda uno uli pamtunda wa mamita oposa 1,700, ndipo m'mawa wa Juni kumayera chisanu pa kapinga. Ndizidzaivala pamwamba pa juzi kuti izitchinga mphepo mpaka dzuwa litakwera.