LHC kapena kudikira pansi pa phiri: kulemera kwa neutrino tikupeza pati?

Chiyambire 1998 pomwe asayansi a Super-Kamiokande ku Japan anaona kuti ma neutrino, tinthu ting'onoting'ono topanda chaji ya magetsi, amasintha mtundu ali paulendo, tikudziwa kuti kulemera ali nako ndithu koma kochepa zedi, kafukufuku wa KATRIN ku Germany akuti sikufika ngakhale 1 eV (eV ndi muyeso wochepetsetsa wa mphamvu ndi kulemera kwa tinthu totere). Nanga kulemerako kumachokera kuti? Ganizo lotchuka la seesaw limati pali neutrino ina yolemera kwabasi, iyoyo ikamalemera mpomwe timawadziwawa amapepukira.

Njira yoyamba yofufuzira ganizoli ndi LHC, makina a ku CERN (malo a kafukufuku pafupi ndi Geneva), mkombero wa makilomita 27 momwe ma proton amawombana ndi mphamvu yaikulu zedi. A ATLAS ndi CMS, magulu ofufuza a pa LHC, amasaka chizindikiro chachilendo, ma muon (tinthu tonga ma electron koma tolemerapo) awiri a chaji chofanana limodzi ndi ma jet (mitsinje ya tinthu tothamangira mbali imodzi) awiri. Chikaoneka basi, neutrino yolemerayo mwaipanga nokha, mutha kuyeza kulemera kwake komanso momwe ikuswekera, ineyo mtima wanga uli pamenepa. Vuto nloti seesaw wamba amaika kulemerako kutali, kuposa mphamvu za LHC kuchulukitsa mabiliyoni, ndiye makinawa amangofikira mitundu ya ganizoli ya tinthu topepukirako ndipo mpaka pano sanapeze kanthu.

Njira inayo njongodikira. Kafukufuku wa KamLAND-Zen ku Japan anagwiritsa ntchito maatomu a xenon-136, wa LEGEND ku Gran Sasso ku Italy akugwiritsa ntchito a germanium-76, onse pansi pa phiri kudikira atomu itulutse ma electron awiri popanda neutrino. Zikachitika ndiye kuti neutrino ndi antineutrino (mnzake wotsutsana naye) nchimodzi monga anaganizira wasayansi wa ku Italy Majorana mu 1937, olo neutrino yolemera ija itakhala kutali bwanji. Kungoti njirayi singakuuzeni kanthu kachititsa zimenezo nkati, dzina lake muyenera kukalisaka ku LHC komweko, ngati mphamvu zake zingakafikire.