Kabolodi ka LM2596 kanandimwera mabatire kachipangizo kali m'tulo

Kabolodi aka kotsitsa mphamvu ya magetsi ndikukapatsa nyenyezi ziwiri basi, ndipo zinazo ndachotsa chifukwa cha wogulitsa.

Ndinamufotokozera bwinobwino kuti ndikupanga kachipangizo koyenda nako m'chikwama, koyeza kutentha ndi chinyezi. Mkati muli ESP32 (kakompyuta kakang'ono kokhala ndi WiFi) ndi mabatire awiri a 18650 olumikizidwa motsatizana, omwe akadzaza amafika 8.4V, pomwe ine ndikufuna 3.3V. Iye anangoti kabolodi aka kamakwana ntchito iliyonse poti kamatulutsa mpaka 3A. Ndinagula titatu.

Tsiku loyamba zinayenda. Kasikulu kosinthira mphamvu, ka pa kabokosi kabuluu ka pa kabolodipo, kamafuna kupotokola kambirimbiri mphamvu isanayambe kutsika, ndiye yezani kaye musanalumikize chilichonse.

Patatha masabata awiri ndi theka ndinatulutsa kachipangizo kanga, kali zii. Mabatire aphweratu. Mtima unandiwawa, chifukwa kamangodzuka kamodzi pa ola, kutumiza manambala n'kugonanso, ndipo ESP32 ikagona tulo tofa nato imangodya ma microamp pafupifupi 10. Ndinayamba kukayikira mabatire, ndinatsala pang'ono kuwataya. Usiku womwewo ndinawatchaja, ndinadula waya wofiira n'kuika mita pakati. Inawerenga 6mA, omwe ndi ma microamp 6,000. Ndinachotseratu ESP32 yense, kabolodi n'kutsala kokha, koma nambala ija osasuntha! Ndi pamene ndinatsegula datasheet (chikalata cha opanga chofotokoza momwe chinthucho chimagwirira ntchito) n'kuona kuti LM2596 payokha imadya pafupifupi 5mA ngakhale isakudyetsa kanthu. Mabatire anga ndi a 2500mAh. Gawani ndi 6, mupeza maola pafupifupi 417, omwe ndi masiku 17, ndendende nthawi yomwe anatha.

Ndinamutumizira wogulitsa chithunzi cha mita. Anayankha kuti ndinalumikiza molakwika. Munthu wogulitsa zinthu zamagetsi tsiku ndi tsiku osadziwa kuti pa chipangizo cha batire chomwe chimakhalira kugona, funso loyamba ndi loti regulator (chotsitsa mphamvu ya magetsi ngati LM2596) imadya zingati ikangokhala? Za 3A zinalibe ntchito kwa ine.

Kunena chilungamo, kabolodi sikoipa. Kamodzi ndakaika pa batire lalikulu la 12V kuti kazitsitsa kufika 5V, ndipo kamangofunda pang'ono, pomwe regulator ya 7805 yomwe inalipo kale inkaotcha chala. Pa ntchito ngati imeneyo ndingagulenso.

Pa kachipangizo kaja ndinaika regulator ina yotchedwa TPS62840, yomwe ikangokhala imadya ma nanoamp 60 okha ndipo imatulutsa mpaka 750mA, zokwanira ESP32 ikayatsa WiFi. Simalola kupitirira 6.5V, choncho mabatire ndinawalumikiza mbali ndi mbali kuti asadutse 4.2V. Mwezi wachitatu uno sindinatchajenso.

Uthenga wanga womaliza wogulitsa uja anauwerenga, koma mpaka lero sanayankhe.