Bawo kapena kuyenda pansi madzulo?

Ukaweruka mutu uli wotentha, miyendo imafuna kulowera ku bala. Kuno ku Kasungu pali zina ziwiri zomwe zimachotsa kutopa osalawa ndi dontho lomwe: bawo ndi kuyenda pansi.

Bawo imalanda maganizo onse. Maenje 32, nkhomo 64, ndipo mnzako akudikira kuti ulakwitse kuwerenga akudye. Pamenepo za ngongole ya feteleza kapena mawu a abwana sizipeza malo m'mutu. Pali kuseka, pali akuluakulu oonerera akunong'ona kuti "Achimwene, mwataya pamenepo!" Vuto lake n'lakuti malo ambiri a bawo amayandikana ndi pogulitsa mowa, ndiye sankhani bwino pokhala.

Kuyenda n'kwa munthu wofuna bata. Dzuwa likapepa, yendani mphindi 30 chakumunsi kwa phiri la Nguru ya Nawambe, thukuta lituluke pang'ono. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalimbikitsa kuchita zolimbitsa thupi ngati izi kwa mphindi zosachepera 150 pa sabata, ndipo tulo timabwera msanga.

Ine tsiku loti ndakwiyitsidwa ndimasankha kuyenda, chifukwa pa bawo mtima ukhoza kuwiranso ukagonja. Bawo ndimaisungira tsiku limene ndasowa wocheza naye.